Kamphaka ndi mphaka wamkulu: angadyere thumba limodzi?

Funso

Adokotala, ndili ndi mphaka wamphongo wofula wa zaka 4, ndipo mnzanga wandipatsa kamphaka kakakazi komwe pano kali ndi masabata 10. Kusitolo kuno ku Lilongwe ndapeza matumba awiri a chakudya chouma. Loyamba lalembedwa kuti "kitten", koma pamndandanda wa zosakaniza patsogolo pali chimanga, kenako "poultry by-product meal", "maize gluten", mafuta a nyama ndi ufa wa nsomba. Mapuloteni ndi 34 peresenti, mafuta 14, kashiamu 1.2. Lachiwiri ndi la "adult", lodulirapo, ndipo patsogolo pali "fresh chicken", kenako mpunga, chimanga, nsawawa ndi "pea protein". Mapuloteni 28, mafuta 11, kashiamu 0.7. Onse awiri chinyezi ndi 10 peresenti. Mtima wanga uli pa lachiwirili poti muli nkhuku yeniyeni. Kodi ndingamawapatse onse awiri limeneli?

Mayi wa ku Lilongwe

Yankho

Zikomo mayi pokopera zonse zolembedwa pamatumbapo. Ambiri akamafunsa amangotchula dzina la kampani ndi mtengo, zotsalazo ine ndizichita kulota. Yankho langa mwina silikusangalatsani: kamphakako kapatseni thumba loyambalo, la chimanga lomwe mukulikayikiralo. Lachiwiri lisiyireni mkuluyo. Ndipo ngati kuthumba kwanuko kukungolola thumba limodzi, gulani la "kitten" lomwelo, wamkuluyo muzichita kumuyezera.

Aliyense amene adawetapo nkhuku zoyera amadziwa kuti anapiye sayambira pa finisher. Finisher si woipa, kungoti adamukonzera msinkhu wina. Ngakhale mutapeza finisher wa kampani yabwino koposa m'dziko muno, mwanapiye wa sabata imodzi akufunabe starter. Mawu akuti "kitten" ndi "adult" nawonso sakunena za ubwino wa zosakaniza. Akunena msinkhu umene chakudyacho adachiyezera. Ubwino ndi nkhani ina yoyenera kuifunsa payokha, ndipo timaifunsa tikatha kuyankha ya msinkhuyo.

Taonani ntchito imene thupi la kamphaka kanuko lili nayo. Kadabadwa kolemera pafupifupi magalamu 100. Kakamakula bwino kamawonjezera magalamu 100 ena sabata iliyonse, ndiye pa masabata 10 kayenera kukhala kakuyandikira kilogalamu imodzi kapena kupitirirako pang'ono. Pamsinkhu umenewu kamafuna mphamvu ya makalori pafupifupi 200 patsiku. Mphaka wanu wamkulu, ngati ali wa makilogalamu 4 ndipo amangokhalira kugona pakhonde, amafuna makalori apakati pa 200 ndi 250. Mwaona? Kanyama kochepa kanayi poyerekeza ndi mkuluyo kakufuna chakudya chofanana naye, pamene kamimba kake n'kongati dzira la nkhuku. N'chifukwa chake cha ana amachipanga chothithikana: mafuta ambiri, mapuloteni ambiri, kuti kakadya pang'ono kapezemo zochuluka. Timibulu take amatichepetsanso, poti mano amkaka sangaphwanye zikuluzikulu. Mano enieni amayamba kutuluka chapamiyezi itatu ndi theka n'kumalizika pa miyezi 6.

Pali miyezo imene makampani ambiri amatsatira. Bungwe la AAFCO la ku America limati chakudya cha amphaka amene akukula, komanso cha aakazi abere ndi oyamwitsa, chisachepere mapuloteni 30 peresenti, pamene cha akuluakulu chisachepere 26. Kashiamu, yemwe amamanga mafupa, asachepere 1.0 peresenti kwa ana ndi 0.6 kwa akuluakulu. Fosiforasi ndi 0.8 kwa ana, 0.5 kwa akuluakulu. Mafuta ndi 9 peresenti konsekonse, ngakhale cha ana nthawi zambiri amachipitiriza kwambiri pamenepo. Ku Ulaya kuli bungwe la FEDIAF, ndipo manambala ake sasiyana kwenikweni ndi amenewa.

Manambalawa amawerengera chakudya chimene achichotsa madzi onse, ndiye a pamatumba anuwo tiwakonze kaye. Poti chinyezi ndi 10 peresenti, chouma chenicheni ndi magawo 90 pa 100, choncho nambala iliyonse tiigawa ndi 0.9. Thumba la "kitten" likupereka mapuloteni pafupifupi 38 ndi kashiamu 1.3. La "adult" likupereka mapuloteni 31, kutanthauza kuti pamenepa lakhoza ndithu, ladutsa 30 uja mopulumukira mkamwa mwa mbuzi. Koma kashiamu wake ndi 0.78, pamene kamphakako kakufuna 1.0. Lagwa pamenepo, ngakhale nkhuku yake ikhale yochita kuphedwa m'mawa womwewo.

Za kashiamuzi ndimazinena ndi mtima wonse chifukwa cha kamphaka kena ka miyezi inayi kamene adabwera nako atakakulunga m'chitenje. Eni ake adali anthu okakonda zedi, ankakadyetsa nyama ya ng'ombe yopanda fupa ndi chiwindi tsiku ndi tsiku, zakudya zoti ena pakhomopo ankangozimezera malovu. Tsiku lina kadadumpha pampando, pafupi pomwe, n'kulephera kudzuka. Ndikakagwira msana kankalira mokuwa. Titakajambula, mafupa ake ankaoneka mbuu, khungwa lake lopyapyala ngati pepala, mwendo wakumbuyo utapindika ngati bango lonyowa. Nyama yopanda fupa ili ndi fosiforasi wambiri koma kashiamu wochepetsetsa, ndiye thupi limayamba kukumba kashiamu m'mafupa kuti m'magazi asachepe. Kadachira titakatsekera m'kabokosi masabata 6 kuti kasadumphe, n'kumakapatsa chakudya cha m'thumba cha ana amphaka, chotchipa ndithu. Thumba lanu lachiwirilo silingafikitse kamphaka pamenepo, kupereweraku n'kochepa. Koma mmera mpoyamba, ndipo sindikuona chifukwa choyesera mafupa a mwana ndi muyezo wa wamkulu.

Tsopano tibwere pa nkhuku yanu ija. Zosakaniza amazindandalika potsata kulemera kwake pa nthawi imene amaziika mu makina, zisanaphikidwe. Nkhuku yaiwisi pafupifupi magawo 70 pa 100 ndi madzi. Tiyerekeze kuti posakaniza makilogalamu 100 aikamo makilogalamu 25 a nkhuku yaiwisi. Ikhala patsogolo pamndandanda, inde, koma ikauma mutsala makilogalamu 7 kapena 8, ndipo mapuloteni ake sapitirira makilogalamu 5. Pamene "meal" ndi nyama imene adaiphika kale, kuichotsa madzi ndi mafuta ambiri, n'kuipera kukhala ufa. Mu ufa umenewu mapuloteni amafika 60 peresenti kapena kuposerapo. Makilogalamu 20 a ufawu, omwe pamndandanda angakhale pa nambala 2, amabweretsa mapuloteni makilogalamu 12. Zili ngati kuyerekeza ndowa ya usipa wauwisi ndi ndowa ya wouma: wauwisi ndi wolemera pousenza, koma ndiwo zambiri zili mwa woumawo.

Onaninso zimene zikutsatira nkhukuyo: mpunga, chimanga, nsawawa, kenako mapuloteni ochokera ku nsawawa zomwezo. Zinayi zonsezo n'zouma kale, sizitaya kulemera pophika. Kuziphatikiza pamodzi ziposa nkhukuyo kutalitali. Ndi kachenjeredwe kodziwika pakati pa opanga zakudyazi, kogawa zakumunda m'timagulu ting'onoting'ono kuti chilichonse pachokha chipepuke, nyama ioneke ili patsogolo. Sanama, zonse adalemba. Koma pa 28 peresenti ija, gawo lalikulu ndithu liyenera kuti likuchokera ku nsawawa, osati ku nkhuku. Chikomekome cha mkuyu.

Mawu akuti "by-product" ndi amene amathawitsa anthu, makamaka amene amawerenga zolemba za ku America pa intaneti. Ife kuno zimenezi zisatiopse. Tanthauzo lake ndi ziwalo zimene azungu sakonda kuika pambale: chiwindi, mtima, nthutumba, mapapo, impso, matumbo otsukidwa, makosi ndi zipalasiro. Ndi zomwe zija timaimira pamzere pachiwaya madzulo. Mphaka akagwira khoswe sasankha mnofu wokha, amadya ndi zam'kati zomwe, ndipo m'menemo ndi mmene muli vitamini A, ayironi ndi taurine wambiri. Mphaka sangasandutse zofiira za mu karoti kapena maungu kukhala vitamini A ngati mmene thupi lathu limachitira, amayenera kumupeza wopangika kale m'chiwindi kapena wochita kuthiramo. Chimodzimodzi mafuta ena otchedwa arachidonic acid, omwe amapezeka m'mafuta a nyama. Ngakhale vitamini D, mphaka sapanga wokwanira pakhungu, aothere dzuwa tsiku lonse.

Sindikuti ufa wa zam'kati uliwonse ndi wabwino. Apa ndi pamene pali kusiyana kwenikweni pakati pa chakudya chabwino ndi chachabechabe, ndipo mndandanda suonetsa. Ufa wina umachuluka ziwindi ndi mnofu, wina umachuluka mafupa ndi mitu. Wina adauphika pa moto woyenera, wina adaupsereza mpaka mapuloteni ake osagayikanso bwino m'mimba. Dzina pathumba n'limodzimodzi. Chimene chingakutsinineni khutu ndi mzere wolembedwa kuti "ash", kutanthauza phulusa lotsala chakudyacho akachiwotcha. Phulusalo ndi mchere wa m'mafupa. Likakhala 6, 7 kapena 8 peresenti sindidandaula, koma likafika 10 ndimayamba kuganiza kuti adaperamo zigoba zambiri kuposa nyama. Ndimakondanso thumba lotchula nyama yake, kuti nkhuku, nkhukundembo kapena nsomba, kuposa longoti "meat and bone meal" osanena kuti nyama yanji. Lanu lija lati "poultry", kutanthauza zoweta zamapiko. Si pamwamba penipeni, koma si pansinso.

Nanga chimangacho? Chakudya chouma chilichonse chimafuna sitachi kuti timibulu tigwirane ndi kufufuma potuluka mu makina. Popanda chimanga aikamo mpunga, tirigu, mbatatesi, chinangwa kapena nsawawa. Matumba olembedwa "grain free" sitachi ali nayo ndithu, angosintha munda. Mphaka alibe zogayira sitachi m'malovu mwake, ndipo ngakhale kutsekemera kwa shuga sakumva, koma sitachi yophikidwa bwino matumbo ake amaigaya popanda vuto. Ndikadakonda kuti pathumba la mwana patsogolo pakhale ufa wa nkhuku, chimanga chibwere pambuyo. Mukadzapeza lotero pa mtengo umene mungakwanitse, dzasintheni. Koma chimanga pachokha si poizoni, ndipo amphaka amene thupi lawo limadana ndi chakudya china, kawirikawiri chimakhala ng'ombe, nsomba kapena nkhuku, osati chimanga.

Chondikayikitsa pang'ono pathumba lanu loyamba ndi "maize gluten" amene ali pa nambala 3. Awa ndi mapuloteni a chimanga otsala akachotsa sitachi, ndipo amakweza nambala ya mapuloteni pamtengo wotsika. Amagayika bwino, koma ndi operewera lysine, mmodzi mwa timagawo ta mapuloteni timene mwana wokula amafuna kwambiri, ndipo taurine alibiretu. Kampani yodziwa ntchito imakwaniritsa zoperewerazo ndi ufa wa nsomba kapena kuthiramo mwapadera. Choncho matumba anu onse awiri akutsamira pa zakumunda, wina pa chimanga, wina pa nsawawa. Palibe woseka mnzake.

Nambala ya "crude protein" musaikhulupirire mopitirira. Kulabotale sawerenga nyama. Amayeza nayitirojeni amene ali m'chakudyacho n'kuchulukitsa ndi 6.25. Inu mukudziwa feteleza wobereketsa wa Urea, yemwe pathumba pake amalemba 46 peresenti ya nayitirojeni. Mutamuyeza mwanjira imeneyi angatuluke ndi "mapuloteni" 287 peresenti, chikhalirecho mulibe ndi kanyama komwe. Anthu ena osaopa Mulungu adapezerapo mpata pamenepa. Mu 2007 zidadziwika kuti gluten wa tirigu wochokera ku China adamuthira mankhwala opangira mapulasitiki otchedwa melamine, omwe ali ndi nayitirojeni wochuluka, kuti aoneke wamapuloteni ambiri. Kampani ya Menu Foods ya ku Canada, yomwe inkapangira zakudya makampani ena ambirimbiri, odula ndi otchipa omwe, idaitanitsa zitini ndi mapaketi okwana 60 miliyoni, amphaka ndi agalu ambiri atafa ndi impso. Chaka chomwecho vutoli lidafikanso ku South Africa kudzera mu gluten wa chimanga. Pamatumba onse aja mndandanda unkawerengeka bwinobwino.

Taurine ndamutchula kawiri, ndiye ndimufotokoze. Ndi kanthu kamene kamapezeka m'nyama mokha, makamaka mumtima, m'chiwindi ndi m'nsomba. Galu ndi munthu amadzipangira yekha, mphaka sapanga wokwanira. Akaperewera kwa miyezi ingapo maso amawonongeka mpaka khungu losachiritsika, mtima umafutukuka n'kufooka, ndipo waukazi amapoloza kapena kubereka ana ofooka. Za kuwonongeka kwa masoku zidadziwika mu 1975. Za mtima adazitulukira ndi Paul Pion ndi anzake a ku University of California, Davis mu 1987, ndipo amphaka odwalawo ankadya zakudya za m'sitolo zomwe zinkatchedwa zokwanira. Makampani atayamba kuwonjezera taurine, nthenda ya mtima ya mtundu umenewu idachepa kwambiri. Lero muyezo wa chakudya chouma ndi 0.1 peresenti, kwa ana ndi akuluakulu chimodzimodzi. Simudanditchulire ngati mawuwa alipo pamatumba anu. Kawaoneni chakumapeto kwa mndandanda, pamene pali mavitamini. Thumba lotsamira pa zakumunda koma losatchula taurine ine sindingaligule. Pa chifukwa chomwechi chakudya cha agalu si cha mphaka, ngakhale chikhale chotchipa bwanji, ndipo nsima ya soya pieces ndiye ayi ndithu.

Ufa wa nsomba uli m'thumba la mwanalo ndi chinthu chabwino. M'nsomba ndi mmene mumachokera mafuta otchedwa DHA, omwe amathandiza kukula kwa ubongo ndi maso, ndipo AAFCO imawafuna m'chakudya cha ana pamene kwa akuluakulu sidaike muyezo. Ichi ndi chimodzi mwa zinthu zochepa zimene mukhoza kuziona ndi maso pamndandanda n'kudziwa kuti thumbali adaliganizira mwana.

Mzere wofunika kuposa yonse umakhala wa timalemba ting'onoting'ono kumbuyo kapena m'mbali. Fufuzani mawu akuti "complete", kusonyeza kuti chakudyacho n'chokwanira pachokha. Chikalembedwa "complementary" ndiye kuti n'chongowonjezera, ngati chiwamba, sichoti mphaka n'kukhalira chokhacho. Kenako onani msinkhu: "growth", "kitten" kapena "all life stages" ndi zoyenera mwana, "adult maintenance" ayi. Cha "all life stages" kwenikweni ndi cha ana chimene akuluakulu akhozanso kudya, chifukwa chimayenera kukwanitsa muyezo wapamwamba uja. Matumba ena a ku America amanenanso ngati chakudyacho adachiyesa podyetsa amphaka enieni, masabata 10 kwa ana ndi 26 kwa akuluakulu, kapena adangowerengera papepala. Choyesedwa pa nyama ndimachidalira koposa. Zakudya zambiri za m'masitolo mwathu zimachokera ku South Africa, ndipo kumeneko lamulo la Act 36 la 1947 limafuna kuti chakudya cha ziweto chilembetsedwe kuboma. Pathumba pamakhala nambala yoyamba ndi V. Thumba loti likuchokera kumeneko koma nambalayo palibe, lisiyeni pashelefu pomwepo.

Chithunzi chakumaso kwa thumba ndiye musachiwerengere n'komwe. Ku Ulaya thumba lolembedwa "with chicken" limangofunika kukhala ndi nkhuku 4 peresenti, ku America 3 peresenti. Timibulu tofiira, tobiriwira ndi tachikasu ndi utoto wokopa inu wogula. Mphaka alibe nazo ntchito, iye amatsata fungo la mafuta amene amawaza kunja kwa timibuluto.

Pali chinthu china chimene kuno chimaposa mndandanda wonse, ndicho ulendo umene thumbalo layenda ndi mmene lasungidwira. Chakudya cha ana chili ndi mafuta ambiri, ndipo mafuta sachedwa kuwonongeka ndi kutentha kwa mu Okutobala. Thumba limene lakhala pathiraki kuchokera ku Johannesburg, lachedwa pachipata cha Mwanza kapena Dedza, kenako lakhala miyezi pashelefu yowombedwa ndi dzuwa, silifanana ndi mmene lidatulukira kufakitale. Onani deti. Pewani chija amatsegula thumba lalikulu n'kumagulitsa choyeza m'majumbo, poti simudziwa kuti adalitsegula liti, ngakhale kuti n'cha msinkhu uti. Mukatsegula lanu nunkhizani: chabwino chimamveka ngati nyama yootcha, chowonongeka chimanunkha ngati mafuta a chiwaya amene akazingira sabata yathunthu. Chisiyeni m'thumba lake lomwelo, mulimange bwino n'kuliika m'chigubu chotseka, pamalo ozizira, osati pasimenti. Gulani loti lithe m'masabata 4 mpaka 6. Nthawi ya dzinja samalani chuku. Poizoni wa chuku amene timamuopa mu mtedza ndi chimanga, aflatoxin, amawononga chiwindi cha ziwetonso, ndipo kuphika sikumuthetsa. Mu 2011 agalu oposa 200 adafa naye ku Gauteng, m'dziko la South Africa, atadya chakudya chotchipa cha m'matumba. Mukaona timibulu tagwirana, tachita nkhungu kapena muli tizilombo, tayani lonse, osachita kusankhula.

Tsopano za bambo wamkuluyo. Kulawako cha mwana sikungamudwalitse. Vuto ndi kunenepa, chifukwa mphaka akafulidwa mphamvu imene amafuna imatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa anayi pamene chilakolako chimakwera. Cha anachi n'chokoma ndi mafuta, ndiye mukamusiyira mbale yodzaza adzafufuma ngati mtsamiro, ndipo kunenepa kwa mphaka kumabwera ndi shuga ndi kuphwanya kwa mfundo. Mukamamudyetsa cha "kitten" muyezereni magalamu 50 mpaka 55 patsiku, ogawa kawiri, ndipo muzimupapasa m'nthiti. Nthiti zizimveka mosavuta ngati mafupa a kuseri kwa dzanja lanu. Akadakhala wokalamba kapena wa vuto la impso ndikadakaniza, chifukwa cha fosiforasi wambiri uja, koma pa zaka 4 ali bwino.

Chimene zakudya zabwino za akuluakulu zimachita, chomwe cha ana sichilimbikira, ndi kuteteza chikhodzodzo. Amachepetsa maginiziyamu n'kukonza kuti mkodzo ukhale wowawasirako, kuti musamapangike timiyala. Kwa mphaka wamphongo nkhaniyi ndi yaikulu, poti njira yake ya mkodzo ndi yopapatiza kwambiri. Mukadzamuona akunjuta pafupipafupi osatulutsa kanthu, akulira kapena kudzinyambita kumaliseche, musadikire kuti kuche. Wotsekeka mkodzo akhoza kufa m'masiku awiri kapena atatu. Makolo a amphaka adali nyama za kuchipululu, ludzu salimva msanga, ndipo khoswe amene akadadya ndi madzi pafupifupi 70 peresenti pamene timibuluti ndi 10 yokha. Ikani mbale za madzi ziwiri kapena zitatu m'malo osiyanasiyana, kutali ndi chakudya, ndipo muzisintha madziwo tsiku lililonse. Zakudya zolembedwa "urinary" kapena "light" musapatse mwana, adazichepetsa dala zinthu zomwe iye akuzifuna.

Kamphakako kadyetseni kanayi patsiku mpaka miyezi 4, katatu mpaka miyezi 6, kenako kawiri kapena katatu. Ngati kakuvutika kutafuna, nyowetsani timibuluto ndi madzi ofunda, koma zotsala mutaye pakatha ola limodzi kapena awiri. Mkaka wa ng'ombe umatsegula m'mimba amphaka ambiri akasiya kuyamwa. Kausipa kophika kopanda mchere n'kabwino ngati kokometsera, koma zowonjezera zonse zisapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a chakudya cha tsikulo. Nsomba zina zaziwisi zimawononga vitamini B1 m'thupi, choncho muziphika. Ndiwo zotsala zokhala ndi anyezi kapena adyo musakapatse, zimaphwanya magazi a mphaka. Cha ana kapitirize mpaka chaka chimodzi. Mukakatseketsa kuti kasabereke, zomwe ndikulangizani kuchita kasanakwane miyezi 6 poti amphaka ena amatenga bere ali ndi miyezi 4 yokha, musasinthe thumba, mungochepetsako muyezo. Musaiwalenso mankhwala a njoka za m'mimba ndi katemera, kuphatikizapo wa chiwewe pa miyezi itatu. Kamphaka kodzaza njoka ngakhale mukagulire thumba lodula chotani kamangotupa mimba, ubweya uli nyankhalala.

Posintha chakudya musadumphe tsiku limodzi. Sakanizani chatsopano pang'ono ndi chakale, n'kumawonjezera kwa masiku 7 mpaka 10. Ndi mmene katundu wakunja akusowera m'masitolo masiku ano, ndi nzeru kuzoloweza kamphakako mitundu iwiri kadakali kakang'ono, ndi kugula thumba lina loyambalo lisanathe, chifukwa mphaka wokulira mtundu umodzi amatha kunyanyala chakudya, ndipo wonenepa akakhala masiku angapo osadya chiwindi chimadwala.

Pakatha mwezi, kamphakako kadzakuuzani kokha ngati thumbalo lili labwino. Ubweya uzisalala, maso aziwala, chimbudzi chizikhala chouma bwino, chochepa, chosanunkha mothamangitsa anthu m'nyumba. Chimbudzi chambiri chofewa ndi chizindikiro choti zambiri zikungodutsa osagayika. Muzikayeza pasikelo ya kukhitchini Loweruka lililonse, mutakaika m'kabeseni, n'kulemba pakalendala. Sabata ziwiri zikadutsa sikelo isakusuntha, pitani nako kwa dokotala wa ziweto.

Kuti mkuluyo asamabe cha mwana, tengani katoni yolimba, muboole kabowo koti kamphaka kokha n'kumene kangalowe, muike mbale yake m'katimo, pamwamba mutsindikize ndi njerwa. Bowolo muzilikulitsa pang'onopang'ono kakamakula. Mkuluyo adzayesa kupisamo dzanja masiku oyambirira, ndiye mbaleyo muikankhire kukona yakutali ndi bowolo.